Maikulosikopu ya AFM pojambula mamolekyulu a zamoyo

Atomic force microscope, mwachidule AFM, ndi maikulosikopu yomwe sigwiritsa ntchito kuwala, koma imapapasa chinthu ndi kansonga kakuthwa kwambiri. Gerd Binnig, Calvin Quate ndi Christoph Gerber ndiwo anaipanga mu 1986. Poyamba chithunzi chimodzi chinkatenga maminitsi angapo. Gulu la Toshio Ando ku yunivesite ya Kanazawa ku Japan linaifulumizitsa, ndipo mu 2010 linajambula puloteni ya myosin V ikuyenda. Mu 2017 ofufuza akomweko anaonetsa CRISPR-Cas9 ikudula DNA.

Apa ndi pomwe AFM imaposera cryo-EM, yomwe imafuna mamolekyulu oumitsidwa ndi kuzizira: iyo imawajambula ali m'madzi, akugwira ntchito. Komabe imangoona pamwamba pawo, ndipo kansongako kakakanikiza kwambiri kamasokoneza molekyulu yomwe ikupimidwayo. Nchifukwa chake zithunzi zake zimafunika kuzitsimikiza ndi njira zina.