Kutopa pa ntchito n'koopsa: dziwani maola anu

Nyengo yogulitsa fodya ikafika ku Furancungo, tulo timachepa. Anthu amasankha fodya ndi kudinda mabelo mpaka usiku. Madalaivala ena amanyamula mabelo kupita ku Tete n'kubwerera osapuma. Ku Tsangano, onyamula matumba a mbatatesi amadzuka tambala asanalire.

Mwina inunso muli m'gulu limeneli, ndipo mumati, "Ndi kutopa chabe." Koma munthu wotopa amachedwa kuona ngozi. Mu 1997, ofufuza a ku Australia anapeza kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amalakwitsa zinthu ngati amene wamwako mowa. Taganizani munthu wotere akuyendetsa lole, kapena ali ndi chikwanje m'manja. Mabungwe a WHO ndi ILO anapezanso kuti mu 2016, anthu 745,000 padziko lonse anamwalira ndi matenda a mtima ndi sitiroko chifukwa chogwira ntchito maola 55 kapena kuposa pa sabata.

Nanga lamulo likuti chiyani? Lamulo la ntchito, Lei do Trabalho nambala 13/2023, linayamba kugwira ntchito mu Febuluwale 2024. Nthawi yokhazikika ya ntchito ndi maola 8 pa tsiku, maola 48 pa sabata. Muli ndi ufulu wopuma tsiku limodzi pa sabata. Maola owonjezera amalipidwa mwapadera. Abwana akakana, mungakadandaule ku Inspecção-Geral do Trabalho.

Vuto ndi lakuti ambiri kuno ndi aganyu, kapena amagwira ntchito m'munda wa banja. Oyendera ntchito sangafike m'chigafa chilichonse. Choncho ndi inu amene muyenera kuyamba kuyang'anira.

Musanayambe ntchito, dzifunseni: Kodi ndagona maola angati? Munthu wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposa. Kodi ndikuyasamula pafupipafupi? Kodi zinthu zikupulumuka m'manja? Ngati ndi choncho, musagwire makina, musapopere mankhwala, musayendetse njinga yamoto.

Ngati ndinu mwini ntchito, gawani anthu kuti azilandirana. Ntchito yoopsa ichitike m'mawa, anthu ali ndi mphamvu. Ikani madzi akumwa pafupi. Dalaivala akasinza, aime pambali agone pang'ono. Khofi salowa m'malo mwa tulo.

Belo lochedwa lidzagulitsidwa mawa. Dzanja loduka silimeranso. Lero lomwe, werengani maola amene mwagwira sabata ino, muwalembe m'kope lanu.