Anali Kale pa Khomo, Koma Anabwelela

Mnzanga wina wa ku Matero ananikalipila: "Iwe, ulemba bwanji za msilikali wa ndeke ya mabomba? Waiwala Chikumbi?"

Sin'naiwale. Mu October 1978 ndeke za Rhodesia zinaponya mabomba pa kampu ya Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, ndipo anthu oposa 200 anafa. Bomba ilibe maso, ndipo siniimbila m'manja. Koma Andrew Mynarski nizam'kumbukila, olo mukwiye.

Anali mnyamata wa ku Winnipeg, Canada, wa zaka 27. Usiku wa pa 12 June 1944, pa nkhondo yaciwili ya dziko lonse, anakwela ndeke ya Lancaster monga woombela mfuti, kupita kukaphwanya njanji za ku Cambrai, France. Ndeke ya Germany inawaombela, moto unabuka, woyendetsa n'kulamula kuti onse alumphe.

Mynarski anali atafika kale pa khomo. Poceuka anaona mnzake Pat Brophy atatsekeleka m'kacipinda ka mfuti kumcila kwa ndeke. Anabwelela. Anakwawa m'mafuta oyaka, anatema na nkhwangwa, anakoka na manja, koma citseko cinakana. Zovala na parachute yake zinagwila moto. Brophy anam'kakamiza kuti apite. Atafikanso pa khomo anamenya saluti, n'kulumpha ali kuyaka. Anafika pansi wamoyo, koma anafa na zilonda za moto. Ndeke itagwa, Brophy anaponyedwa kunja n'kupulumuka. Ni iye anasimba nkhaniyi, ndipo mu 1946 Mynarski anapatsidwa mendulo ya Victoria Cross ali m'manda.

Manje tiyeni tikambe za ise. Minibasi ikagubuduzika pa Lumumba Road, cinthu coyamba kutuluka m'thumba ni foni. Munthu ali kukha magazi, ise tili kusakila pojambulila bwino kuti tiike pa Facebook. Nyumba ikapsa mu komboni, oonelela amaculuka kupambana onyamula mabaketi. Na ine n'najambulapo, ndipo manyazi akali kunidya.

Mwandi, zondani nkhondo, ndipo lilani onse amene mabomba anawagwela, a ku Chikumbi na a ku Europe. Koma musananyoze mnyamata uja, yankhani ici cabe: mnzanu atatsekeleka m'moto, imwe muli pa khomo, mungabwelele?