Mkwatibwi Sachita "Trudge"

Pali ophunzira amene akatola liwu lachilendo m'dikishonale amalimwaza paliponse kuti aoneke odziwa. Liwu la Chingerezi loti "trudge" lazunzika nawo zedi. Ena amalemba m'chimangirizo kuti mkwatibwi anachita "trudge" polowa m'tchalitchi, poganiza kuti akunena za kuyenda pang'onopang'ono monyadira. Kodi ukwatiwo anachita kumukakamiza?

Liwuli silinena za kuchedwa kokha ayi. Limanena za kudzikoka, miyendo italemera ndi kutopa, monga achitira mayi wochokera kuchigayo atasenza thumba la ufa, mapazi akutitimira m'matope a mwezi wa Febuluwale. Ulendo wotere munthu saukonda, koma kuulekeza sangathe. Wolemba mosasamala uja wasandutsa chikondwerero kukhala chilango, ndipo wochonga mayeso akamudula malikisi asadandaule.