Asanagule makina, ayambe ndi chingwe

Novembala akafika, makoka atapachikidwa poti nyanja yatsekedwa, anyamata athu amaswera pansi pa mtengo maso ali pa foni. Masiku ano ena akopeka ndi mavidiyo a anthu osema mtengo uli kuzungulira pa makina otchedwa lathe. Sitikuwanena ayi, ifenso taonerako. Chipika chosaoneka bwino, tchizulo kungochikhudza, zopala n'kumauluka ngati mamba a chambo, posakhalitsa mbale yosalala yatuluka. Ndani sangakhumbe?

Pamene tikukana m'pamene mwana ayamba kunena kuti, "Bambo, tigulitse ukonde umodzi tigule makinawa," kapena kuti akatenge ngongole ya chiwongoladzanja. Pepani ana athu, pamenepo ayi.

Aliyense amene anagulapo injini ya boti akudziwa kuti tsiku logula ndiye chiyambi cha kulipira. Lathe yamagetsi n'chimodzimodzi. Imachokera kunja, ndiye kwacha ikagwa mtengo wake umakwera. Matchizulo ake mugula paokha, chogwirira mbale pachokha, chonolera pachokha. Lamba akaduka simum'peza pa golosale ya m'mudzi. Nanga magetsi, alipo pakhomopo? Akakhalapo, amayaka nthawi imene mukuwafuna?

Luso limeneli linayamba kalekale magetsi kulibe. Mitengo iwiri yozika molimba, mabawuti awiri osongola ogwira chipika uku ndi uku, ndi chingwe chokulunga pa chipikacho. Wina akukoka chingwe, dzanja ili kenako linalo, mnzake akusema pamene mtengo ukuzungulira chobwera kwa iye. Chingwe ife n'chosasowa. Matchizulo wosula zitsulo atha kukusulirani kuchokera ku sipuling'i yakutha ya galimoto. Imachedwa, inde, ndipo wokokayo amatuluka thukuta, koma pakatha milungu iwiri mudziwa ngati mnyamatayo ali nacho chidwi chenicheni kapena inali foni chabe. Ngati inali foni, mwaluza mabawuti awiri basi.

Chodula kwenikweni ndi mtengo wosemawo. Aliyense amafuna phingo chifukwa cha kuda kwake ndi kulemera kwake, koma phingo amakula pang'onopang'ono zedi; wodulidwa lero, wolowa m'malo mwake adzamuona ndi adzukulu. Kuyambira 2017 malonda ake opita kunja ali pansi pa pangano la CITES, ndipo kudula mitengo yachilengedwe m'nkhalango zotetezedwa popanda chilolezo ndi mlandu. Mlombwa ndi mbawa nazonso zikutha, ife a ngalawa tikudziwa kutalika kwa ulendo wokapeza mtengo wabwino masiku ano. Wophunzira asaononge mitengo yotereyi. Nthambi ya mango yogwa ndi mphepo, malaina, zotsala kwa kalipentala, n'zokwanira.

Ndipo pamafunika kudekha. Mbale yosemedwa pa mtengo wauwisi n'kuyanikidwa padzuwa ngati usipa imang'aluka. Isemeni mosamaliza, ikhale yochindikala, muikwirire m'zopala zake zomwe m'thumba, pamthunzi, kwa miyezi ingapo. Ikauma ndiye muibwezere pa lathe n'kumalizitsa.

Pa za magalasi oteteza maso pokha musaumire. Kachibanthu kothawa pa mtengo wozungulira sikachenjeza. Mphuno ndi pakamwa mumange posalaza ndi sandipepa, ndipo mkanjo wa manja aatali muuvule musanayandikire, ungakoledwe.

Za msika, tisanamizane. Ku Senga Bay ndi ku Cape Maclear ogulitsa ziboliboli ndi mbale kwa alendo alipo kale ambiri, ena anayamba ntchitoyi ana athuwa asanabadwe. Wongoyamba kumene ayang'ane kaye pakhomo: kamtondo kosinjira tsabola, chigwiriro cha mpeni wotumbulira nsomba, miyendo ya kampando, mikanda ya tasbihi ya agogo. Oyandikana nawo akayamba kubwera okha kudzafunsa mtengo wa kamtondoko, ndalamazo azisunga padera. Zikadzakwana theka la makina amagetsi aja, abwere tidzakambirane za theka linalo, ukonde uli m'malo mwake.