Kusankha Mabuku Owerenga

Pa msika wa Msundwe munthu wogula mbuzi amayamba waiyang'anitsitsa. Mwana wa sukulu ayeneranso kusankha mabuku mosamala chomwecho.

Ana ambiri amakonda nthano zazifupi za Kalulu ndi Fisi. Nthanozi n'zabwino, koma mwana sakula ndi phala lokha. Wophunzira wa Sitandade 5 ayenera kuyesanso mabuku aatali, monga Nthondo, buku la Samuel Ntara limene linasindikizidwa mu 1933. Bukuli limalongosola moyo wa munthu wa kumudzi kuyambira kubadwa mpaka imfa yake.

Buku lotere limafuna kudekha, pakuti mau ena ndi akale. Mwana akapeza mau ovuta, afunse agogo ake kapena aphunzitsi. Wothawa mabuku aatali lero adzavutika ku sekondale, kumene mabukuwo sathawika.