Nyanja sinayalidwe ngati mphasa

Pa WhatsApp ndi pa Facebook pakuyenda mfundo imene ena aigwira ndi manja awiri. Akuti dziko lapansi likanakhala lobulungira, munthu woima pagombe sakanaona mapiri a kutsidya, poti madzi akanatukuka pakati n'kuwabisa. Amaikaponso makanema a kamera zokoka zinthu zakutali, ati onani, sitima imene inazimiririka ija yabwerera. Mfundoyi ndi yabodza, ndipo nyanja imene aiitana kuti iwachitire umboni ndiyo ikuwatsutsa.

Tipite ku Karonga. Kukacha bwino, mapiri a Livingstone a ku Tanzania amaoneka ndithu, palibe akukana. Koma amene wawaona adzifunse kuti tsinde lake lili kuti. Mchenga wa kutsidyako, nyumba za m'gombe, mabwato okokedwera kumtunda, n'chifukwa chiyani izi sizioneka ngakhale ndi kamera yamphamvu chotani?

Masamu ake ndi apafupi. Kuchokera pakati penipeni pa dziko kufika pamene taponda pali makilomita pafupifupi 6,371. Pa mpira waukulu chonchi, munthu wamkulu woima m'mphepete mwa madzi amaona nyanja mpaka makilomita pafupifupi 5 basi. Kupitirira apo madzi amayamba kubisa zinthu, kuyambira pansi. Chinthu chimene chili pa mtunda wa makilomita 50 chimabisika mamita pafupifupi 150. Tsono mapiri aja amapitirira mamita 2,000 kutalika. Kuchotsapo 150 phiri likadalipo lathunthu, chasowa ndi tsinde lokha. Anzathuwa amajambula nsonga n'kuiwala kufunsa za pansi pake.

Anthu a ku Nkhata Bay ndi ku Likoma sasowa wowauza izi. Sitima ya Ilala yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, ndipo ikamabwera chimene chimayamba kuoneka ndi chapamwamba, thunthu lake pambuyo. Kamera imakuza chimene chachepa chifukwa cha kutalika, zoona. Ngati bwato labwerera mu kanema, ndiye kuti linali lisanapitirire pamene madzi amakumana ndi thambo, linangochepera maso. Likapitirira, kokani mmene mungathere, mudzangokuza madzi amene aliphimba.

Pali chinthu chimodzi chimene tiwavomereze. Masiku ena zinthu zoyenera kubisika zimaonekadi. Mpweya wozizira ukagona pamwamba pa madzi, wofunda uli pamwamba pake, kuwala kumakhota kutsata dziko ndipo zakutali zimanyamuka. Ku America, nyumba zitalizitali za mzinda wa Chicago zajambulidwapo kuchokera kutsidya kwa nyanja ya Michigan, ndipo zithunzizo ndi zimene okana kubulungira kwa dziko amazikonda kwambiri. Chimene satchula n'chakuti maonekedwewo amasintha ndi nyengo: lero nyumba zatalika, mawa zafupika, nthawi zina zimaoneka chadodolido. Dziko likanakhala lathyathyathya, mzindawo ukanaoneka mpaka pansi tsiku lililonse lopanda nkhungu.

Mkanganowu ndi wakale. Mu 1838 Samuel Rowbotham analowa mumtsinje wowongoka wa Old Bedford ku England, naika choonera zakutali pafupi ndi madzi, n'kunena kuti waona bwato mpaka makilomita pafupifupi 10. Pafupi ndi madzi m'pamene kuwala kumakhota kwambiri, iye sanaganizire zimenezo. Mu 1870 John Hampden anabetcha mapaundi 500 kuti palibe angasonyeze kupindika kwa madzi. Alfred Russel Wallace anavomera kubetchako, napita pamtsinje womwewo, naika zizindikiro pa msinkhu umodzi, mamita pafupifupi 4 pamwamba pa madzi. Chapakati chinaoneka chokwera kuposa cha kumapeto. Woweruza anapereka chipambano kwa Wallace, koma Hampden sanagonje. Anamunyoza zaka zambiri mpaka analowa nazo m'ndende. Mtima umenewo ulipobe m'magulu athu a WhatsApp.

Inu owerenga simufunika kudalira ife kapena NASA. Usiku wina imani pagombe, muone nyali za asodzi a usipa zimene zili kutali kwambiri, kenako mukwere chitunda chapafupi. Mudzaona nyali zina zimene pansi paja simunazione, chonsecho maso ndi omwewo, mtunda sunachepe. Mukatero, kanema uja musamutumizenso kwa ena.