Wolira amene timaiwala kumupepesa

Mwezi wa Novembala ukafika, maganizo anga amapita ku Chileka. Kumeneko anthu amasonkhana chaka ndi chaka kukumbukira woimba Evison Matafale, amene anamwalira pa 27 Novembala 2001 ali m'manja mwa apolisi ku Lilongwe. Chaka chino chikumbutsochi chandikhudza mwapadera, chifukwa nanenso ndaika m'manda mnzanga amene ndinkaimba naye.

Mnzangayo sanali wotchuka. Tinkaimba kutchalitchi, pa zinkhoswe ndi pa maukwati, iye pa gitala, ine pa mawu. Komabe zaka zoimbira limodzi zimamanga chinthu chimene ngakhale abale a bere limodzi sangachimvetse. Ndikaima kuti ndikoke mpweya, iye ankadziwa pamene ndiyambirenso. Tsiku loti mawu andisasa, ankatsitsa kiyi osandifunsa. Ndikaiwala ndime, nsambo zake zinkandikumbutsa anthu asanazindikire n'komwe. Akuluakulu ponena kuti ubwenzi uposa chibale, ankanena za munthu ngati ameneyu.

Pa maliro ake anthu ankalowa m'nyumba ya siwa kukapepesa mayi wamasiye, ana ndi malume, ndipo ankachita bwino. Ine anandipeza panja pa moto n'kundiuza kuti, "Achimwene, mutitsogolere nyimbo, paja munkaimba naye ndinu." Ndinaimba mpaka tambala kulira. Nyimbo iliyonse, ndikafika pamene iye ankalowera, ndinkadikira, koma kunali zii. Pamenepo m'pamene misozi inkabwera, ine n'kuimeza kuti nyimbo isaduke. Mwambo wathu umadziwa pokhala mkazi, pokhala mwana, pokhala adzukulu. Woimba naye malemu timangomupatsa ntchito, malo olirira ayi.

N'chifukwa chake ndimawaganizira anyamata a bandi ya Black Missionaries. Kwa iwo Matafale anali mbale, mnzawo komanso mtsogoleri, zonse pamodzi. Anawasiyira zimbale ziwiri, Kuimba 1 ndi Kuimba 2. Akanafuna, akanapachika zida, ndipo palibe akanawadzudzula. Akanathanso kusintha dzina kuti athawe chithunzithunzi cha malemuyo. Iwo anatulutsa Kuimba 3, Musamude Fumulani ali patsogolo. M'chaka cha 2007 Musamude nayenso anatsikira kuli chete, ndipo mng'ono wake Anjiru ananyamula udindowo. Kuwerenga kuja sikunaduke. Chimbale chilichonse chatsopano chimatenga nambala yotsatira, kutanthauza kuti Matafale akadali woyamba pa mzere, ndipo Musamude ali pomwepo pakati. Kale ndinkaona ngati n'kungosunga dzina la malonda. Lero ndikuona kuti umenewu ndi mtundu wa maliro amene oimba okha amaudziwa: kulira munthu pomupitirizira nyimbo.

Si zophweka. Kwa miyezi ingapo sindinkatha kumvera zimene tinajambula pa foni poyeserera. M'menemo mnzanga akumveka akukunga nsambo, akutsokomola, akundiuza kuti tibwerezenso. Muli nyimbo ina imene tinaisiya ilibe ndime yomaliza, poganiza kuti nthawi ilipo. Mlungu watha ndinalimba mtima, n'kuitana mnyamata wina wa kukwaya kuti ndimuphunzitse mbali ya malemu. Saimba ngati iye, ndipo sindidzamukakamiza kutero. Koma nyimbo ija inamvekanso m'nyumba mwanga, ndipo ndinalira kulira kumene ndinakulephera pa maliro paja.

Kwa oimba anzanga ndikuti, jambulani zimene mukupeka mudakali awiri, ngakhale pa foni chabe. Tsiku lina kamawu kameneko kadzakhala chuma chimene ndalama sizingagule.

Kwa inu awerengi, pempho langa ndi ili. Maliro n'kulirana. Mukapita pa maliro a woimba, kaya wa bandi, wa kwaya kapena wa ng'oma za kumudzi, mukatuluka m'siwa muyang'ane munthu amene ankaimirira pambali pake. Mumugwire dzanja, mumuuze kuti pepani, ndipo wina amulandireko nyimbo kuti nayenso akhale pansi alire. Pakatha milungu, anthu onse atabalalika, mukamuyendere. Nayenso ndi namfedwa.